Musathamangire kumata mng'alu

Mvula ikangodula, ku Kanyama, Chawama ndi John Laing mu Lusaka muno eni nyumba ambiri amagula thumba limodzi la simenti ndi chitini cha penti, n'kumata ming'alu kuti wa lendi watsopano asaone. Zimenezi zimandiwawa, chifukwa m'zipinda zimenezo mumagona ana.

Sindikunena kuti mng'alu uliwonse ndi woopsa ayi. Kaja kowonda ngati tsitsi, kongoyenda pamwamba pa pulasitala, kawirikawiri kamabwera chifukwa pulasitalayo adauma mofulumira. Koma uja woyambira pakona ya windo n'kumatsika mopendekera, kutsata mizere ya mabuloko ngati masitepe, kwina kotakasuka kwina kopanikiza, ameneyo akukuuzani kuti maziko asuntha. Lusaka yathuyi idakhala pamwala wa laimu wokhala ndi mphako, ndipo m'makomboni ena madzi ali pafupi kwambiri. Dothi limanyowa, limauma, nyumba n'kumakhazikika mbali imodzi.

Musanamate, dziwani kaye ngati mng'aluwo ukukulabe. Chongani ndi pensulo pomwe wathera, mulembe tsiku pambali pake. Matani kachidutswa ka galasi mopingasa mng'alu, simenti uku ndi uku. Jambulani ndi foni mutaika kobiri la K1 pambali, mudzajambulenso mwezi ukatha, makamaka dzinja likalowa. Galasi likasweka, khoma likuyendabe, ndipo kumata pamwamba n'kutaya ndalama. Yambani mwaona komwe madzi a padenga akugwera, ndi mtunda wa pakati pa dzenje la chimbudzi ndi maziko.

China chomwe timachipeputsa ndi dzimbiri. Mukaona timizere tofiirira kunsi kwa silabu kapena pa ring'ibimu (lamba wa konkire wozungulira pamwamba pa makoma), chitsulo cha m'kati chayamba kudyeka. Chitsulo chikachita dzimbiri chimafufuma n'kumaswa konkire kuchokera m'kati. Pamenepo pamafunika kugoba mpaka chitsulo chionekere, kuchipala mpaka chiyere, kenako kumata bwino n'kumathirira madzi sabata yathunthu.

Damu la Kariba lidatha kumangidwa mu 1959, koma mpaka lero a Zambezi River Authority amaliyeza ndi zipangizo zawo osalekeza. Kuyezako ndiko kudaonetsa kuti konkire ya pa zipata za madzi ikufufuma pang'onopang'ono, komanso kuti madzi otuluka akumba dzenje lakuya mamita pafupifupi 80 kutsogolo kwa khoma. Ntchito yokonza idayamba mu 2017, khoma lili chiimire. Ngati chimphona chotere chimayang'aniridwa, nanga nyumba yathu ya mabuloko omwe simenti yake adachita kuipemerera?

Inu a lendi, musaope kuwaonetsa alandilodi zithunzizo. Ndipo chitseko chomwe chimatsekeka bwino chikayamba kukana, mng'alu n'kumalowa chala, tulutsani ana m'chipindamo lero lomwe, muitane injiniya wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia. Mmisiri amene adamangayo asakhale yekha woweruza ntchito yake.