Za ku Lumbadzi, poti ndikukhalako

Mwalemba bwino achimwene, makamaka pomwe mwati nyumba ku Lumbadzi n'zotsika mtengo poyerekeza ndi ku Area 47. Zimenezo n'zoona. Koma mwaiwala kuwauza anthu za minibasi. Ine ntchito yanga ili ku Old Town, ndiye ndalama yomwe ndimati ndapulumutsa pa lendi imathera kwa makondakitala, m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina mukafika pa Kanengo angokuuzani kuti tsikani mukwere ina, iwo akubwerera.

Ndege si vuto ayi. Phokoso la ku Kamuzu International Airport mumalizolowera sabata imodzi, ana okha ndiwo amathamangirabe panja kukaziona. Chovuta n'kukhala mlendo. Mwezi woyamba ndinkangodzuka, kutseka geti, kubwera usiku, moni osapereka kwa aliyense. Kenako nyumba yachitatu kuchokera kwathu kunagwa maliro, ine n'kupita kuntchito ngati palibe chachitika. Madzulo ake amayi eni nyumba anandikhazika pansi, n'kundifunsa kuti zikadzandigwera ineyo adzandikumbira manda ndani. Manyazi anandigwira, sindinayankhe kanthu.

M'mawa mwake ndinapita kukapepesa kusiwa, kenako ndinakaonekera kwa amfumu kuti andidziwe. Pano chopereka cha maliro sichindidutsa, ndipo madzi akasiya kumpopi ndi amayi omwewo amene amatuma mdzukulu wawo kuti anditungireko ndowa kumjigo.

Tomato ndi masamba pamsika n'zotchipadi monga mwanenera, bola musapiteko mutavala tayi.