Musagawe polojekiti pongofuna kuti fayilo ichepe

Ndikuona oyendetsa ntchito zikuluzikulu ambiri akuthamangira kugawa ndondomeko yawo ya mu Microsoft Project, pulogalamu ya pakompyuta yokonzera ndondomeko ya ntchito, kukhala master project (fayilo yaikulu yosonkhanitsa magawo onse) ndi ma subproject (mafayilo a gawo lililonse palokha) chifukwa chakuti fayilo yakula, ndipo kwa ine chifukwa chimenecho n'chosakwanira. Subproject iyenera kukhalapo pokhapokha pali munthu mmodzi amene adzayankhe za gawo limenelo zinthu zikachedwa. Pomanga chipatala, womanga makoma, woika magetsi ndi woika mapaipi a madzi aliyense angathe kusunga fayilo yake, ndipo woyang'anira ntchito yonse amalowetsa mafayilowo m'fayilo imodzi podina Subproject, osachotsa chizindikiro pa Link to project, kuti zimene eni ake asintha zizionekera kwa iye.

Mavuto enieni amabisala pamene ntchito ya m'fayilo ina ikudikira ntchito ya m'fayilo inzake. Woika magetsi sangayambe denga lisanathe, choncho pulogalamuyi imaika m'fayilo yake mzere wa zilembo zotuwa woimira ntchito ya dengayo, ndipo mzerewo si wake. Wina akangosintha dzina la fayilo kapena kuisamutsira kufoda ina, kulumikizanako kumaduka, ndipo akuluakulu amakhala pamsonkhano akukambirana masiku amene anasiya kalekale kukhala oona. N'chifukwa chake ndimalimbikira kuti zolumikiza zoterezi zikhale zochepa, zogwirizana pamaso pa onse, makamaka pa nthawi zimene gulu lina likupereka ntchito m'manja mwa gulu linzake.

Nkhani ya antchito nayo imandidetsa nkhawa. Popanda resource pool imodzi, kutanthauza mndandanda umodzi wa antchito ndi zipangizo umene mafayilo onse amagwiritsa ntchito, injiniya mmodzi wolembedwa m'mafayilo atatu amaoneka ngati anthu atatu, ndipo palibe angazindikire kuti wapatsidwa ntchito zitatu tsiku limodzi.

Sindikunyoza chida chimenechi ayi, chifukwa master project yokonzedwa bwino imaonetsa critical path imodzi yodutsa m'magawo onse, kutanthauza mndandanda wa ntchito zimene zikachedwa polojekiti yonse imachedwa, chinthu chimene mafayilo omwazikana sangachite. Pa Project Server, pulogalamu ya Microsoft yosungira mapolojekiti onse pamalo amodzi, mafayilo sasochera chomwechi, komabe woyang'anira akatsegula master kuti asinthe zinthu angathe kutsekereza eni ma subproject kuti asagwire ntchito yawo. Ine ndingakonde kuti woyang'anirayo aziitsegula pongowerenga, ndipo akaona tsiku lolakwika aimbire foni mwini gawolo kuti akonze yekha m'fayilo yake.