Nkhope yatupa, mukudikira chiyani?

Ana anga oyembekezera, lero ndikudzudzulani ndipo musandikwiyire. Khalidwe lobisa pakati mpaka chitenje chitakana kumangika, kenako n'kukayamba sikelo mwezi wachisanu ndi chimodzi, likutiphetsa. Mumati mukuopa anthu a kaduka. Nanga magazi akayamba kuthamanga mudziwa bwanji, muli phee m'nyumba?

BP ikamakwera sichenjeza. Mayi amatunga madzi, kusinja, kuseka ndi anzake pachitsime, pomwe impso ndi chiwindi zikuvutika, mwana m'mimbamo sakukula bwino. Amene amaiona ndi makina aja namwino amakumangani pamkono. Ikafika 140/90 kapena kupyola, ndiye kuti zavuta, makamaka pakati pakadutsa masabata 20 ndipo mkodzo wapezeka ndi puloteni. Ndiye chifukwa amakupatsani kabotolo kuti mukakodzeremo, musamachite nako manyazi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2016 kuti woyembekezera aonedwe kasachepera 8, ulendo woyamba miyezi itatu isanathe. Inu mumapita kawiri basi, mwinanso kungotsata neti ya udzudzu.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi kabuku ka kuchipatala. Namwino walembamo manambala, inu mwakapinda, mwakaponya pansi pa matiresi osafunsa n'komwe. Thupi ndi lanu! Funsani kuti, "Anamwino, BP yanga lero ili pa zingati?" Akakuuzani kuti makina alibe mabatire, musabwerere kunyumba mukusangalala kuti mzere wafupika, funsani tsiku lobweranso, kapena kayezetseni pena. Akakupatsani mankhwala otsitsa BP a methyldopa kapena nifedipine, imwani monga akuuzirani. Osasiya chifukwa mutu waleka, osagawirako mnzanu.

Mutu ukuwawa osamva Panado, maso akuchita chidima kapena kuona tinyenyezi, nkhope ndi manja zatupa mpaka mphete yakana kuvuka, pansi pa nthiti kumanja pakubaya: nyamukani nthawi yomweyo, kaya ndi usiku. Mukachedwa, chotsatira chake chimatha kukhala kukomoka n'kumaphiriphitha ngati wakhunyu. Kuchipatala ali ndi jakisoni wa magnesium sulphate woletsa zimenezo, koma samubaya munthu amene ali kumudzi.

Inunso apongozi ndi anakubala, mwana akatupa lekani kuyamba ndi mlandu wa mdulo n'kumafufuza kumene mwamuna wake anagona. Mlanduwo mudzakamba akachira. Mwanamphepo wanuyonso musamumwetse. Abambo, ndalama ya kabaza izikhala padera, isamathere ku bawo ndi kumowa.

Wa pakati poyamba, wa mapasa, wa zaka zopitirira 40, wa shuga, ndi amene BP inamuvutapo pa mimba yapita, awa asaphonye sikelo ngakhale kamodzi. Akauzidwa kukakhala kuchidikiro, apite. Mukachira musati zatha. BP imatha kukwera mwana ali kale m'manja, choncho masabata 6 oyambawo pitani akakuyezeninso, osangoyezetsa khanda lokha.