Musagule RAM poyang'ana nambala yaikulu ya pa bokosi yokha

Anzanga okonda kudzimangira makompyuta, mwezi uno anthu atatu andifunsa funso limodzi: kodi RAM yolembedwa 3600 ndi yabwino pa overclock (kuiyendetsa pa liwiro loposa limene inaikidwira) kuposa ya 3200? Ine ndimati nambala ija ili ndi ntchito, koma si ntchito imene ambiri amaiganizira.

Tiyambe ndi komwe nambalayo imachokera. Mukaika RAM ya mtundu wa DDR4 mu motherboard osakhudza BIOS (komwe mumasinthira ma setting a motherboard), kawirikawiri imayenda pa 2133 kapena 2400, liwiro lokhazikitsidwa ndi bungwe la JEDEC, pa magetsi a 1.2V. DDR5 imayambira pa 4800. Ndiye 3600 ya pa bokosi ija ndi overclock kale, imene kampani inayesa n'kuisunga mu XMP ya Intel kapena EXPO imene AMD inabweretsa mu 2022, ma setting okonzedwa kale amene muyenera kuwayatsa nokha mu BIOS. Zimandipweteka kuona munthu walipira ndalama zowonjezera, n'kutha chaka chonse XMP asanaiyatse.

Chomwe ndimafuna muzichiyang'ana ndi nambala yaing'ono ya pambali, CL, imene imasonyeza kudikira kwa RAM isanayankhe. Tengani CL, chulukitsani ndi 2000, gawani ndi liwiro, mupeza nthawi yodikira mu ma nanosecond. 3200 CL16 imapereka 10. 3600 CL18 imaperekanso 10. Koma 3200 CL14 imapereka 8.75. Taonani, yomwe ikuoneka yotsika pa bokosi ndiyo ikuyankha msanga.

Pamenepa ndi pamene pagona nkhani. Corsair, G.Skill ndi Kingston sapanga ma chip a RAM. Amagula kwa makampani ngati Samsung, SK Hynix ndi Micron, n'kusankha abwino kuwapatula kwa wamba. Pa DDR4, kiti (paketi ya RAM) ya 3200 CL14 pa 1.35V pafupifupi nthawi zonse inkakhala ndi Samsung B-die, ma chip amene amalola kuwonjezera magetsi ndi kufinya ma timing, kutanthauza manambala a kudikira ngati CL. Anthu ambiri ankaikweza mpaka 3600 ngakhale 3800. Pomwe 3600 CL18 yotsika mtengo ikhoza kukhala kuti yafika kale pa malire ake, mukangoikankha pang'ono kompyuta n'kuyamba kuzima yokha. Pa DDR5 ma chip a SK Hynix, makamaka A-die, ndi amene atchuka pokwera. Choncho liwiro, CL ndi magetsi zikawerengedwa pamodzi zimakuuzani mtundu wa chip umene uli pansi pa chitsulo chokongola chophimba RAM chija. Liwiro palokha silikuuzani zambiri.

Komanso RAM siyenda yokha. Memory controller, gawo loyendetsa RAM, ili mkati mwa CPU, ndipo ili ndi pothera pake. Pa ma CPU a AMD a Ryzen 5000, Infinity Fabric, njira yolumikiza zigawo za mkati mwa CPU, imayenda mwendo umodzi ndi RAM pa 1800MHz, kutanthauza DDR4-3600, ndipo ma CPU ambiri amafikako pa DDR4-3800. Mukapitirira apo mgwirizanowo umaduka, kudikira n'kuchuluka. Kugulira Ryzen 5 5600 kiti ya 4400 kuti muiyendetse pa 4400 ndi kutaya ndalama. Pa Ryzen 7000 malo abwino ndi DDR5-6000, ndipo CL30 ndi imene ndimaisaka. Timitengo ta RAM tinayi timalemetsa controller kuposa tiwiri, makamaka pa DDR5, choncho ngati mukufuna 32GB gulani tiwiri ta 16GB.

Sindikunena kuti nambala ya pa bokosi ndi yachabe, ayi. Ndi lonjezo lokhalo limene kampani yakupatsani. Chilichonse chopitirira apo ndi mwayi wanu, ndipo makiti awiri ofanana dzina akhoza kukwera mosiyana, chifukwa nthawi zina kampani imasintha ma chip osasintha bokosi. Kwa ife amene zida zotere timaitanitsa kunja n'kudikira masabata, kubweza katundu si nkhani yophweka. N'chifukwa chake ndimalangiza kuti liwiro limene simungakhale popanda ilo likhale lolembedwa pa bokosi, ndipo muone ngati kitiyo ili pa QVL, mndandanda wa RAM imene kampani ya motherboard yanu inaiyesa. Overclock ibwere ngati basera.

Mukaikweza, musakhutire poti Windows yayaka. RAM yosakhazikika imawononga mafayilo mwakachetechete. Ine ndimasiya pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86 ikuyenda usiku wonse, ndipo ikapeza cholakwika ngakhale chimodzi, ndimabwerera mu BIOS kukatsitsa.