Kwathu anandipempherera ndili ku Joni, kuno anandipatsa khadi la alendo

Lamulungu lapitali ndinabwerera kutchalitchi cha Anglican cha kuno ku Joni nditagona milungu isanu. Chibayo chinandigwira kumapeto kwa June, ndipo inu a kuno mukudziwa mmene chisanu cha Joni chimalowera m'mafupa ukamagona m'kachipinda ka kuseri kopanda siling'i. Ndafika pakhomo la tchalitchi miyendo ikadali lendelende, bambo wina wolandira anthu, yemwe ndakhala ndikugwirana naye chanza zaka zitatu zathunthu, anandimwetulira bwinobwino n'kundipatsa kakhadi ndi bolopeni. Akuti ndilembepo dzina, pa zolengeza andiimiritse, mpingo undiombere m'manja ngati mlendo.

Zaka zitatu, abale anga! Benchi yomweyomweyo, yachitatu kuchokera kumbuyo, pafupi ndi chipilala cha kumanzere. Envulopu ya chopereka ndimaponya mwezi ndi mwezi. Tsiku lina mpaka ndinawathandiza kukonza paipi ya madzi kuseri kwa holo, osalandira ngakhale randi imodzi. Kusowa milungu isanu palibe anazindikira, pobwerera ndasanduka mlendo. Khadilo ndinalandira, poti kukana pakhomo la Mulungu n'kuipa, koma Misa yonse ndinangokhala duu, mtima ukuwira.

Chimene chinandiwawitsa kwambiri ndi ichi. Sabata yachiwiri ya matendawo mlongo wanga analephera kusunga pakamwa, anakawauza amayi kumudzi, ku Nkhotakota kufupi ndi nyanja. Lachinayi lake masana foni ikulira. Ndikuyankha, ndikungomva nyimbo. Amayi a Mothers Union anali atadzaza khonde la kwathu, abwera kudzazonda wodwala amene ali dziko lina. Anatenga nkhuni, ufa wa kondowole ndi kambale ka usipa n'kukawapatsa amayi anga, poti mwana akadwala ndiye kuti make wadwalanso. Foni anaiika pa mphasa pakati pawo, amayi n'kumakuwa ngati ndili kutsidya kwa mtsinje: "Iwe, gwada komweko, anzanga akukupempherera!" Ndinagwadadi pa simenti yozizira, bulangete lili kumutu, mpaka mayunitsi anawathera pemphero lili pakati. Lamulungu lotsatira dzina langa linatchulidwa pa mndandanda wa odwala. Basi yochokera ku Park Station imadya masiku awiri kudutsa pa Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete kuti ingoponda Malawi, koma a kumeneko anadziwa kuti ndikutsokomola. Tchalitchi cha kuno ndimafikako wapansi mphindi khumi, iwo osadziwa kanthu.

Musandimve molakwa, nkhani yanga si ya kapembedzedwe. Pa guwa tili amodzi. Ife a kunyanja tinaleredwa ndi amishoni a Anglican a bungwe la UMCA (Universities' Mission to Central Africa), aja anayamba ndi Bishopu Mackenzie ku Magomero mu 1861, kenako n'kukakhazikika pa Likoma mu 1885, kumene anayamba kumanga tchalitchi chachikulu cha St Peter's mu 1903. Bishopu Chauncy Maples, amene anamira m'nyanja mu 1895, manda ake ali kwathu konko ku Nkhotakota. Anthu amenewa anatisiyira makandulo, lubani, kugwada ndi kudzilemba mtanda, ndipo nditafika kuno ndinapeza zomwezo. Ngakhale Misa ichitike m'Chizulu kapena m'Chisotho, sindisochera. Ndimadziwa poimirira, pogwada, ndi pamene kabelu kalire wansembe akakweza mkate. Ndinalowamonso mu St Mary's ya m'tauni muja, pafupi ndi Park Station, momwe Desmond Tutu anakhala Dean (mkulu wa ansembe a tchalitchicho) woyamba wachikuda mu 1975, ndipo fungo la lubani linandifikitsa kumudzi pompopompo. Kusiyana kumayamba wansembe akangoti pitani mumtendere.

Kuno akati pitani, anthu amapitadi. Mphindi khumi zikamakwana, pokhala magalimoto pali mbee, geti la limoti latsekeka. Otsala amalowa mu holo kukamwa tiyi ndi bisiketi imodzi, aliyense kwa anthu a chinenero chake, diso lili pa wotchi. Moni wa mtendere mkati mwa Misa amapereka ndi nkhope yowala, koma mukakumana Lachiwiri mu sitolo amakudutsa ngati mtengo wa magetsi.

Kwathu mawu amenewo ndi pamene tsiku limayambira. Tchalitchi chathu ndi nthambi chabe ya parishi, cha njerwa zootcha tokha, belu lake ndi limu ya lole yopachikidwa pa mtengo wa mango. Abambo amakhala mbali yawo, amayi mbali yawo, ana pansi kutsogolo komwe agogo ena amawayang'anira ndi kakamtengo. Mapemphero akatha pamabwera zolengeza, ndipo zolengeza za kwathu ndi wailesi ya mudzi wonse. Wadwala ndani, wachira ndani, kwabadwa mwana kwa yani, bwato la yani linagubuduzika ndi mwera, mlaga uti usesa sabata ino, ndani akalimire munda wa chinangwa wa agogo aja akhungu. Zimatha ola lathunthu, mimba zikulira, koma palibe amatuluka. Mukatuluka pabwalo ndiye moni wa mmodzimmodzi, ndipo moni wa kwathu samangofunsa iwe, amafunsa mpaka mbuzi. Pobwerera simulunjika kunyumba, mumapatukira kwa amene sanaoneke. Osati kukamuweruza ayi, kaya mwina pang'ono, koma kukaona ngati wadzuka.

Ndiye sabata yonse imayenda motero. Pakati pa sabata mlaga umakumana kunyumba ya mmodzi, lero kwa uyu, sabata ya mawa kwa uyo, moti palibe khomo limene silinaimbidwepo nyimbo. Lachinayi ndi la amayi. Loweruka kwaya, kusesa ndi kutchetcha. Ikafika nthawi ya masika anthu amasenza mpunga, chinangwa, nkhuku yomanga miyendo, zonse kukaunjika patsogolo pa guwa, nkhukuyo n'kumalira mkati mwa pemphero. Pa maliro ndiye osanena. Masamba akangoikidwa pamsewu palibe woitana mnzake. Amayi amagona m'siwa akuimba usiku wonse, abambo panja pamoto, adzukulu m'bandakucha ali kale kumanda ndi makasu. Palibe amafunsa ngati malemuyo anali ndi nambala ya envulopu.

Funso limenelo ndinalimva kuno ndi makutu angawa, chaka chatha, mnzathu wina wa ku Mangochi atatisiya. Tinapita ku ofesi ya tchalitchi china kukapempha kuti timuchitire mwambo thupi lisananyamuke. Mayi wa pa kompyuta anafufuza dzina, sanalipeze, n'kutiuza mwaulemu wonse kuti kwa amene sali m'kaundula pali mtengo wake wa malo. Tinangosonkherana pa gulu lathu la WhatsApp, kumuimbira nyimbo ziwiri pabwalo la kosungira mitembo, galimoto n'kuuyamba wa kumudzi.

Tsopano ndisakhale ngati munthu woledzera ndi kwawo. Pali zina a kuno atiposa, ndipo atiposa kutalitali. Misa ya 8 koloko imayamba 8 koloko. Kwathu belu loyamba limatanthauza kuti yambani kuganiza zosamba. Kuno wansembe alipo Lamulungu lililonse, Mgonero sabata ndi sabata, pamene kwathu Abambo amatifikira kamodzi pa mwezi pa njinga yamoto, poti nthambi ndi zambiri, ndipo dzinja mtsinje ukadzaza timatha miyezi iwiri tikungopemphera ndi katekisiti. Kuno ndalama za mpingo amazilemba pa pepala n'kugawira aliyense pa msonkhano wa pachaka, mpaka ya babu. Kwathu funsa kuti za Pepa Sande ya chaka chatha zinapita kuti, uone mmene akuluakulu akuyang'anire, ngati watukwana m'kachisi. Pakati pa sabata kuno amaphika supu ya anthu ogona m'misewu, osafunsa mpingo kapena dziko, ndipo miyezi yanga yoyamba ndisanapeze ganyu ndinaimapo pa mzere umenewo. Izi sindingazibise. Komanso kuno n'kumene ndinayamba kulandira Mgonero m'manja mwa wansembe wamayi, poti mpingo wa kuno unavomereza zimenezi mu 1992. Tsiku loyamba ndinachita kakasi, koma ulaliki wake unali wakupsa kuposa wa abambo ambiri amene ndinawamvapo.

Chinanso, kudziwika kwa kumudzi kuli ndi mano ake. Maso amene amaona kuti sunabwere ndi omwewo amaona kuti wabwera ndi malaya omwe aja a sabata yatha. Mtsikana akatenga pathupi, nkhani imafika kwa akulu a mpingo iye asanawauze make. Mlongo wanga wina anakhala chaka osaponda kutchalitchi chifukwa cha milomo ya anthu. Kuno ukhoza kugwa n'kudzuka wekha popanda wokuloza chala, ndipo masiku ena ufulu umenewo ndimaukonda.

Ndiponso, kuti ndinene chilungamo chonse, fomu ya kaundula anandipatsa chaka choyamba chomwe, ine n'kuipinda n'kuiika m'thumba. Pamafunika adiresi ndi nambala ya chiphaso. Mmalawi wa ku Joni amene anaona kapena kumva za ziwawa zochitira anthu a m'maiko ena za 2008, 2015 ndi 2019 salemba msanga pamene amagona, ngakhale pepalalo likhale ndi mtanda pamwamba. Ndiye akanati abwere kudzandizonda, akanagogoda pati? Pa geti la abwana, pansi pa waya wa magetsi, agalu awiri akuuwa? Amayi khumi a yunifolomu akuimba nyimbo panja pa mpanda wa mzungu, pasanathe mphindi zisanu galimoto ya alonda yafika. Izi ndikuzivomera.

Koma ndivomere mpaka pomwepo. Kuzindikira nkhope sikufuna adiresi. Munthu amene wakupatsa buku la nyimbo m'manja Malamulungu oposa zana sangakutche mlendo chifukwa choti waonda pang'ono. Mpingo umenewu ndi womwe ankatumikiramo wansembe Trevor Huddleston, amene ankayenda khomo ndi khomo m'dera la Sophiatown kuno ku Joni, n'kumakamuona Tutu ali mnyamata atagonekedwa m'chipatala ndi TB miyezi yambirimbiri. Nkhani imeneyi amaikamba pa guwa monyadira. Ndiye asandiuze kuti kuzonda odwala ndi chikhalidwe cha kumidzi ya ku Malawi kokha.

Wina andiuza kuti ndikuyerekeza mudzi ndi mzinda, kuti ngakhale ku Lilongwe kapena ku Blantyre anthu ayamba kuthamangira magalimoto Misa ikatha. Mwina. Ndinapitakonso kamodzi ku parishi ina ya ku Soweto ndi mnzanga wa kuntchito, ndipo kumeneko ndiye kunali moto: maola atatu, tipilo tachikopa tikulira m'manja, amayi a yunifolomu akuvina mpaka thukuta, kenako onse ulendo kwa wina wofedwa. Iwowo amazondana, koma amazondana eni nthaka okhaokha, odziwana kuyambira kwa agogo awo. Anzathu a ku Zimbabwe nawo anachenjera, amakhala pamodzi, amaimba Chishona chawo, ikafika June amakumbukira mwamphamvu Bernard Mizeki wawo, katekisiti amene anafera chikhulupiriro. Ife Amalawi a Anglican tili balalabalala, wina ku Rosettenville, wina ku Randburg, wina ku Diepsloot, aliyense pa benchi ya kumbuyo ngati wabwera kudzabisala mvula. Ambiri mpaka anathawira ku timatchalitchi ta m'magalaja, osati chifukwa cha chiphunzitso, koma poti kumeneko ukasowa Lamulungu limodzi foni imalira.

Nthawi ya zolengeza itakwana Lamulungu lija, anafunsa ngati pali alendo. Ine sindinaimirire. Gogo wina wa Chisotho amene amakhala patsogolo panga anatembenuka, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kunena kuti Malawi, waonda bwanji, unali kuti? Dzina langa salidziwa, amangonditcha Malawi. Ndinamuuza, anapukusa mutu, n'kundipatsa switi ya chifuwa yochokera m'chikwama chake. Mmodzi yekhayo mwa anthu onse aja, ndipo switiyo ndinaidya.

Madzulo ake amayi anaimbanso. Atamva kuti ndayenda ndekha mpaka kutchalitchi analulutira, kenako anatsitsa mawu. Akuti dzina langa latchulidwanso pa zolengeza, ulendo uno osati kwa odwala, koma pa mndandanda wa ana a ku Joni. Tchalitchi akufuna kuikamo simenti pansi bishopu asanabwere, ndipo komiti yagwirizana kuti ine, poti Mulungu wandichiritsa mpingo wonse ukuona, ndipereke matumba atatu. Ndinati amayi, milungu isanu sindinagwire ntchito, lendi sindinalipire. Iwo amvekere, "Nanga ndikawauze chiyani anthu anabwera ndi nkhuni aja?"

Ndawauza kuti adikire kutha kwa mwezi. Khadi la alendo lija likadali m'buku langa la mapemphero, dzina ndinalemba, pa adiresi mpopanda kanthu.