Kutsutsa chilichonse si kuganiza pawekha

Mawu akuti "ine ndimaganiza pandekha" atchipa masiku ano. Munthu akangokana katemera, kapena kunena kuti kolera ndi bodza la boma lofuna kudyerapo ndalama za azungu, basi wadzipatsa kale digiri. Mukamufunsa komwe wazitenga, akuti "kafufuzeni nokha", kenako akukuponyerani voice note ya pa WhatsApp ya munthu wopanda dzina, amene akuti ali ndi msuweni wake wogwira ntchito kuchipatala china chosatchulidwa. Gulu lonse likunena mawu amodzimodzi, mpaka popumira pamodzimodzi, koma aliyense akuti waganiza yekha.

Ife a ku Zomba tisamapusitsidwe ndi zimenezi, chifukwa mtengo wa maganizo tinauona ndi maso. Mu 1987 apolisi anamutenga Jack Mapanje, mphunzitsi wa pa Chancellor College, ali ku Gymkhana Club, ndipo anakhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osaonekera kukhothi. Nthawi imeneyo mwana aliyense ankaloweza ngodya zinayi: umodzi, kumvera, kukhulupirika ndi kusunga mwambo. Kufunsa funso sikunali pamndandandawo. Pa 8 March 1992 kalata ya maepiskopi a Katolika inawerengedwa m'matchalitchi, ophunzira a Chanco anatuluka mumsewu kuichirikiza, ndipo pofika pa 14 June 1993 anthu pa referendamu anasankha nyali ya zipani zambiri m'malo mwa tambala wakuda wa chipani chimodzi. Ngakhale mu 2011, demokalase ili kale pakati pathu, Dr Blessings Chinsinga, mphunzitsi wa pa Chanco pomwepo, anaitanidwa ndi mkulu wa apolisi chifukwa cha chitsanzo chomwe anapereka m'kalasi, chokhudza kusowa kwa mafuta ndi zomwe zinachitika ku Tunisia ndi Egypt. Maphunziro anaima miyezi yambiri.

Taonani bwino anthu amenewa. Maepiskopi aja sanalote. Analemba za malipiro ochepa, makalasi odzaza, zipatala zoperewera ndi anthu omangidwa popanda mlandu, zinthu zomwe akhristu awo ankadandaula tsiku ndi tsiku. Anakhala pansi, anakambirana, nasaina mayina awo. Chinsinga ankalankhula za ndale, phunziro lake lenileni. Onsewa ankadziwa chomwe akunena, ndipo anali okonzeka kuyankhapo nkhope ili poyera. Wa voice note uja alibe ngakhale chimodzi mwa ziwirizi.

Kuganiza pawekha kuli ndi malire, ndipo malire oyamba ali pomwe maso anga athera. Ndikhoza kutunga madzi a mu Likangala m'chidebe, n'kuwasiya akhazikike mpaka ayere mbee, koma sindingadziwe ngati muli tizilombo ta kolera. Pamenepo ndiyenera kumvera munthu amene ali ndi makina oyezera, ndipo akabwera mlangizi wa zaumoyo ndi klorini wake, ndithire. Ntchito ya mutu wanga ndi kusankha woti ndimukhulupirire: kodi ndani, anaphunzira chiyani, akalakwitsa tikamupeza kuti? Izi sizikutanthauza kuti wa pepala amadziwa zonse ayi. Msodzi wa ku Kachulu amene anaona nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1995 angamuphunzitse pulofesa za mphepo ndi komwe matemba athawira. Koma msodzi yemweyo asandiuze za zomwe zili mu katemera, monganso pulofesa asamuuze iye kapalasidwe ka bwato.

Tivomerenso kuti mbali inayi ili ndi matenda ake. Alipo akuluakulu amene mwana akafunsa chifukwa, yankho lawo ndi "wayamba mwano". Pamsonkhano wa kwa amfumu mnyamata akafunsa komwe kwapita ndalama za mjigo, amamuyang'ana ngati watukwana. Achinyamata ambiri othawira ku mphekesera za pa intaneti anakulira m'nyumba zotere, momwe funso linkayankhidwa ndi khofi. Safunsa anadya phula, timatero tokha, ndiye bwanji wofunsayo timamukalipira?

Malire achiwiri ndi olemera kuposa oyamba: maganizo ako athere pa thupi lako. Ukafuna kukhulupirira kuti dziko ndi lafulati, zako zimenezo, palibe amene avulale. Koma ukakaniza mwana wako katemera wa chikuku chifukwa "wafufuza wekha", amene akagone kuchipatala ndi mwanayo, yemwe sanafunsidwe n'komwe. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zitabuka ku Mulanje ndi Phalombe, anthu anatseka misewu, kumaimitsa galimoto ndi kusecha zikwama za alendo, ndipo bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Amene ankagenda anzawo aja sankadziona ngati opusitsidwa. Ankadziona ngati ochenjera amene atulukira chinsinsi chomwe boma likubisa, ndipo anthu osalakwa anaphedwa popanda wina woonetsa ngakhale botolo limodzi la magazi opopedwawo.