Munthu akamavutika musamamufunse kuti walakwanji

Abale lero mundilole ndilankhule zomwe zakhala zikundidya mumtima, okwiya akwiye basi. Dzulo ndili pa Lizulu kudikira makasitomala ndinamva mlaliki wina akukuwa pa sipika kuti mwana wa Mulungu weniweni sadwala, sasauka, sakhala ndi ngongole, ati ukaona mavuto akukulondola nde kuti pali tchimo lomwe ukubisa kapena maziko akwanu ndi oipa. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ine ndinangoti duu pambali pa ndowa zanga za mbatata mtima ukuwawa, chifukwa mawu amenewa anandiuzapo ine pamaso, nthawi yomwe mayi anga anali gone pamphasa.

Mukukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti? Feteleza anakwera mpaka tonse tinagwira pakamwa. Ine ndinakatenga ngongole ku banki mkhonde, itaperewera ndinakatapanso katapila, inde ndikuvomera, munthu woyimba kwaya koma katapila ndinatenga. Feteleza tinathira bwinobwino kenako El Nino uja anabwera, ng'amba ya mu Febuluwale chimanga chinapota masamba ngati anyezi pomwe chimafuna kumasula, kachewere naye anangobereka timbatata tonga mazira a nkhunda. Pofika Malichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mwezi omwewo mayi anagwa akuchokera kudimba. Sitiroko. Mbali yonse yakumanja inafa, pakamwa kupotoka, munthu amene ankasenza mtolo wa nkhuni kuchokera kuphiri osapuma panjira tinayamba kumamumwetsa phala ndi supuni.

Nde anthu anayamba kubwera. Mkulu wina amene timapemphera naye anandiitanira kuseri kwa khitchini, akuti achimwene dzifufuzeni, zinthu sizingagwe zonse kamodzi chonchi popanda chifukwa. Wina ananditengera kwa mneneri, dzina sinditchula, amene atangondiona anati agogo anu anakwirira chinthu pakhomo, mudzale mbewu ya K50,000 ndipo mugule mafuta odzozedwa. Musandiseke, ndinapereka. Mbuzi imodzi yomwe inatsala m'khola ndinagulitsa. Tinawadzoza mayi sabata ziwiri koma olo chala sichinagwedezeke, nditabwerera kukanena anandiyankha kuti chikhulupiriro chanu nchochepa bambo. Ndinabwerera kunyumba wopanda mbuzi, wopanda ndalama, nditasenzanso mlandu woti mayi anga sakuchira chifukwa cha ine. Usiku umenewo sindinapemphere ndipo sindinama, panatha mwezi wathunthu Baibulo lili pa windo likutola fumbi.

Chomwe chimandidabwitsa nchoti nkhanizi zili m'Baibulo lomweli lomwe amalikweza m'mwamba akamalalika. Anzake a Yobu aja, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, atafika anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku osanena kanthu, ndipo kwa ine apo mpomwe anagwira ntchito ya Mulungu. Atangotsegula pakamwa anayamba zomwezi za dzifufuzeni, Mulungu salanga wosalakwa, machaputala ndi machaputala. Tawerengani Yobu 42:7 muone amene Mulungu anamukwiyira, si Yobu ayi, ndi alangizi aja. Pa Yohane 9 ophunzira ataona munthu wobadwa wosaona anafunsa funso lathu lomweli la a Malawi, walakwa ndani, iyeyu kapena makolo ake? Yesu anakana zonse ziwiri. Nanga Paulo? Munthu woti anakwapulidwa zikoti 39 maulendo asanu, chombo chinamuswekera katatu, anapempha katatu kuti vuto lomwe ankalitcha munga m'thupi mwake limuchoke koma silinachoke, anangouzidwa kuti chisomo chikukwanira. Akanakhala wa kuno ku Ntcheu lero bwenzi titamutengera kuphiri kuti akamasulidwe, tikuti ali ndi mzimu wa ndende kkkk.

Sindikuti Mulungu sachiritsa ayi, amachiritsa, ndipo ine ndimapemphererabe odwala. Sindikutinso mavuto onse amagwa kumwamba, katapila uja palibe satana anandigwira dzanja, ndinapita ndi miyendo yanga ndipo walira mvula walira matope. Koma kumuuza munthu amene akusintha thewera la mayi ake kuti vuto ndi chikhulupiriro chake, imeneyo ndi nkhanza yovala suti.

Amene anandibweza ine sanali wa sipika. Ndi gogo wina wa Chigwirizano cha amayi a mpingo wa CCAP, wa mbali ya ku Mlanda, mnzawo wa mayi kuyambira utsikana. Ankabwera Lachinayi lililonse ndi kamtolo ka nkhuni, nthawi zina kaufa m'kajumbo, nthawi zina chimanjamanja. Akafika amavula mpango woyera uja nkuupinda, kumanga chitenje chakale, kuthandiza mayi akunyumba kusambitsa odwala, kuwatembenuza kuti asachite zilonda zakumsana, kuwapaka Vaseline m'zidendene, akatero amakhala pamphasa nkumawasisita dzanja lakufa lija akung'ung'udza nyimbo ya m'buku. Ulaliki ayi. Tsiku lina ndinawafunsa mokwiya ndithu kuti agogo, Mulungu wanuyu ali kuti? Sanandidzudzule. Anangoti mwanawe, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique anthu ankawoloka msewu womwewu kuchokera ku Angonia atangosenza mwana ndi mphika, ena amuna awo ataphedwa akuona, ife ndi mayi akowa tinkawagawira malo ogona kukhitchini, ndipo Lamulungu ndi iwowo amene ankayimba mokweza kuposa ife eni mudzi. Anakhala kuno zaka, mpaka mtendere utabwera 1992 mpomwe anayamba kubwerera. Ati iwe ukuganiza kuti onse aja anali ochimwa kuposa ife? Kenako anandiuza kuti nditsitse Baibulo pa windo paja ndiwawerengere Habakuku 3:17-18 poti maso awo anafooka. Mkuyu osaphuka, m'munda mopanda chakudya, m'khola mopanda ziweto, koma munthu nkumati ndikondwerabe mwa Yehova. Pa za khola paja mawu anandithera, ndinakumbuka mbuzi yanga.

Tsono pali china chomwe sitikamba tikamati chiyero. Ambiri timaganiza kuti chiyero ndi kusamwa mowa, siketi yaitali, kusaphonya mapemphero a usiku. Ine mayeso anga anali pa ndowa. Amene mumagulitsa pamsewu mukudziwa, basi ya Lilongwe kupita ku Blantyre ikaima kasitomala alibe nthawi, dalaivala akuliza hutala, munthu amangoloza pa windo nkuponya ndalama. Nde pali kachitidwe kaja, timbatata ting'onoting'ono ndi towola pansi, zikuluzikulu zosalala pamwamba, ndowa nayo yobonyola kunsi kuti ilowe zochepa. Ine ndili ndi timazira ta nkhunda tija, wa katapila akundiimbira foni m'mawa uliwonse, mankhwala a bipi akufunika kugula. Ndinachita. Masiku awiri ndinachita ndipo ndalama inalowa. Tsiku lachitatu ndikuyala zazikulu pamwamba ndinaona mayi wina pa windo la minibasi, wamsinkhu wa mayi anga, akumasula mfundo ya chitenje kuwerenga timakwacha take, manja anga anangolema. Ndinakhuthula ndowa yonse pansi iye akuona nkumuuza kuti mayi zilimo ndi izi, mtengo ndatsitsa. Anzanga anandiseka tsiku lonse, akuti abusa afika.

Musayembekezere kuti ndinena kuti mawa lake kunabwera bwana wa galimoto yaikulu nkugula zonse. Sikunabwere aliyense. Ndinaluza, katapila ndinamaliza kubweza patatha miyezi isanu ndi iwiri nditagulitsanso njinga. Koma usiku wa tsiku limenelo mpomwe ndinagwada koyamba chichokereni kwa mneneri uja, ndipo pemphero lake linali la mawu ochepa, kulira kunali kochuluka. Pa Aroma 5 Paulo amati chisautso chimabala chipiriro, chipiriro nkubala khalidwe loyesedwa, kenako chiyembekezo. Kale ndinkaliloweza vesili ngati ndakatulo ya ku Sande sukulu, pano ndimaona kuti ndi mndandanda ngati wa kumunda, sungakolole usanapalire, ndipo palibe mbewu ya K50,000 yomwe ingakudumphitse mzere.

Mayi anatisiya mu Novembala 2024, mvula yoyamba itangogwa. Sanachire. Miyezi yomaliza mawu sankatuluka bwino koma gogo uja akayamba kung'ung'udza nawonso ankatsatira ndi mbali imodzi ya pakamwa, misozi ikutsikira m'khutu. Amene akufuna kundiuza kuti mayi amenewo anali ndi chikhulupiriro chochepa abwere pa Lizulu adzandiuze pamaso, ndimakhala cha kumunsi kwa ogulitsa kabichi.

Gogo uja pano nawonso miyendo yawagwira, sakutuluka m'nyumba. Lachinayi lino sindiyala mbatata, nkhuni ndamanga kale.